Batani la ku Thondwe

Ndinailembera ku Chikanda, m'chipinda cha lendi,
usiku wa mu Juni, chiperoni chitatsika m'phiri
n'kulowera pansi pa chitseko ngati landilodi wofuna zake.
Pulogalamu imodzi, ndinawauza a Kalitsiro,
imodzi yokha, yowerengera feteleza ndi mbewu
m'masitolo anu onse atatu.
Anaseka: Mkamwini mmodzi, makomo atatu? Tiona.

Pa laputopu yanga inali yotchena:
zenera loyera, mizere yowongoka,
batani lobiriwira kumunsi chakumanja
lonena mwaulemu kuti Sungani.

Koma kompyuta iliyonse ili ndi mwambo wakwawo.
Ya pafupi ndi msika, Windozi yokalamba
yoyamba yatsokomola isanadzuke,
inaiimitsa pakhomo: Sindikukudziwa.
Wachokera kuti? Wakusainira ndani?
Ndinakhala pa thumba la mbewu mpaka dzuwa kupendeka,
kuichonderera ngati ndili pa mzere wa ziphaso.

Maki ya mwana wawo, uja wa ku koleji,
inailandira bwino, koma inanyamula menyu yonse
n'kuipachika kudenga komwe sindinaiike.
Ndipo ŵ wa m'dzina la a Chiŵaya
anasanduka kabokosi kopanda kanthu:
munthu wa ngongole ya matumba asanu ndi awiri
ali ndi bowo pakati pa dzina.

Ku Thondwe ndinapita pa minibasi,
fulashi nditaimanga pa nsonga ya chitenje pamodzi ndi chenji,
poti netiweki ya m'sitolo imeneyo imabwera ikafuna.
Kumeneko kuli Linakisi,
mphatso ya bungwe lina lomwe linalongedza kalekale,
sikirini yake ngati kabuku ka kusikelo.
Ndinaika. Inatseguka. Ndinapumira m'mwamba.

Tsiku lachitatu foni inalira.
Abiti Mdoka, amene anayamba kugwira mabuku a sitolo ija
ine ndisanamere mano:
Mwanawe, makina akowa anawalera ndani?
Akundiuza kuti Sunga.
Sunga! Ineyo?
Ndinasewera nawo fulaye?

Batani linachepa, basi.
Zilembo za kumeneko n'zonenepa,
ni uja anagwera kuseri kwa mpanda,
ulemu wonse wa mtundu wathu
n'kudulidwa ndi timadontho khumi ndi tiwiri ta pa sikirini.

Usiku umenewo magetsi anazima isanakwane naini.
Ndinagwira ntchito ndi batire lotsala pang'ono,
Likangala akung'ung'udza kumusi ngati wotsatira nkhani.
Ndinasiya kuyeza batani ndi rula yanga.
Ndinaliuza: uzitambasuka molingana ndi mawu omwe wasenza,
kaya wafika kwa yani.
Zilembo ndinazilongedzera m'phukusi momwemo
ngati kamba wa paulendo,
kuti ŵ asamakabwereke chipewa kwa eni mudzi.
Kenako ndinamanga katatu,
mtolo wa uyu, wa uyu, ndi wa uyo,
nkhuni zake zomwezo, luzi lokha losiyana.

Tsiku la msika ndinabwerera.
Panja anthu akulimbirana mtengo wa tomato,
kabaza akuimba belu pakati pa mbuzi.
Abiti Mdoka anapukuta magalasi ndi mpango,
anagwira mausi ndi zala ziwiri
ngati chinthu chomwe chingalume,
nalemba: Chiŵaya, matumba asanu ndi awiri.
Chipewa chinali pamutu.
Anawerenga batani pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

Eya, anatero. Tsopano aphunzira kulankhula ndi akulu.

Anadina.
Kenako anatsegula buku lawo lachikuto chakuda
n'kulembamonso zomwezo ndi bolopeni,
poti magetsi alibe m'bale.

Ndili pa siteji, mwendo umodzi uli kale m'minibasi,
foni inaliranso. A Kalitsiro:
Mayi, zonse zili bwino, tathokoza.
Kungoti pulinta ya kuno
ikutulutsa lisiti lalitali ngati msewu wa ku Jali,
ndipo palibe chomwe yalembapo.