Kugwedeza Makoko

Masiku atatu tinakhala m'holo ya ku Kapata,
ife osunga mabuku a m'makoleji,
wina wa ku Katete, awiri a ku Lundazi, ine wa konkuno,
fani ikuzungulira mwaulesi m'dzuwa la Okutobala.
Mayi Tikambenji Daka anaonetsa pakhoma
kalata yotsekemera ngati nzimbe ya m'dimba:
"Wolemekezeka Pulofesa, dziko lonse likudikira nzeru zanu.
Tumizani lero, Lachisanu tisindikiza."

Anzanga anaseka.
Ine kuseka kunandithera pakhosi,
ndinakumbuka a Shawa.

Zaka zinayi a Shawa anapalasa njinga
kuchoka ku Msekera mpaka ku Kalichero,
kusuzumira m'nkhokwe za eni,
kuwerenga chuku pa nshawa, njere imodzi imodzi.
Kalata yotereyi itawapeza, anagulitsa thole,
ndipo ndine, ndi zala zangazi,
ndinawathandiza kutumiza madola.
Lachisanu zinatulukadi.
Ngakhale dzina la mudzi limene analemba molakwa
linatuluka lili chomwecho.
Palibe anawerenga. Ndinawaombera m'manja.

"Osintha ndalama pa Mwami," anatero mayi Daka,
"salandira pepala chifukwa lanyezimira.
Amalikweza kudzuwa."
Ndiye tinakweza.
Keyala ya magaziniyo inatifikitsa pa shopu ya matayala
kutsidya kwa nyanja.
Mkonzi wamkulu anamwalira kalekale,
koma chithunzi chake chikumwetulirabe.
Akatswiri ena otchulidwapo sadziwa n'komwe
kuti mayina awo ali pa ganyu.

Ndani anawerenga asanavomere?
Anakufunsa chiyani chimene chinakusowetsa tulo?
Mtengo anautchula poyera, kapena mbedza italowa kale?
Ndinalemba mafunsowa kuseri kwa risiti ya basi.

Lolemba kunabwera Mwatitha Soko,
mphunzitsi watsopano wa zaunamwino,
foni m'manja, nkhope ili ngwee:
"Andisankha! Akuti ndiyankhe lisanalowe dzuwa."
Ndinamukokera mpando.
Ndinati, nshawa ya Chalimbana sitigula ndi maso,
timagwedeza khoko pafupi ndi khutu.
Khala, tigwedeze kaye.

Tinagwedeza. Munali zii.
Anakhala chete nthawi yaitali,
kenako anafunsa kumene kuli enieniwo,
aja ochedwa kuyankha, obweza pepala lofiira ndi inki.

Madzulo a Shawa anadutsa pawindo,
chikwama chija chili kukhwapa.
Anandikwezera dzanja, nane ndinakweza.
Phiri la Kanjala linali litayamba kuda.
Mawa ndiwaitana.
Sindinapezebe mawu oyambira.