Khwangwala wa ku Mbayani

Ndimagulitsa nzimbe pa Mbayani, m'mphepete mwa msewu.
Ana a eni amasenda ndi mano
n'kulavulira makoko m'ngalande.
Wanga Sigele amakhala pa katoni pambali panga
kuwerenga maminibasi.
Yake nzimbe ndimamufinyira m'kapu.

Anabadwa mwendo utathyoka kale.
Pofika zaka zisanu ndi ziwiri
tinali titamanga zikhakha zisanu ndi chimodzi,
china atangoterereka pamphasa.
Za mafupa tinaphunzira:
kumunyamula ngati thileyi ya mazira,
kuletsa alendo kumukweza m'mwamba.
Koma za mano palibe anatiuza.

Anamera a mtundu wa tiyi wopanda mkaka.
Akaseka padzuwa, kuwala kumadutsamo.
Amatha okha, ngati sopo pamwala wochapira.

“Maswiti amenewo,” anatero akazi a landilodi pa mpope.
“Simumutsuka m'kamwa.”
Ine amene ndimagula kolugeti ndisanagule mchere!
Ndinangosenza ndowa yanga.

Loyamba silinagwedezeke ngati a anzake.
Linagumukira mu mbatata yophika, zidutswa zitatu.
Iye anazitola, nazikulunga m'pepala la m'kope,
nandipempha ndiponye padenga
poti mkono wake sitiulola kuponya.
Mawu okha ananena yekha:
Khwangwala, tenga lako loipa, undipatse labwino.
Khwangwala wa ku Mbayani, wokhuta za kudzala,
anabweza lofanana.

Kenako usiku wa Lachitatu uja,
tsaya litatupa ngati mandasi,
akulira motsitsa kuti nthiti zisamve.
Mchere m'madzi ofunda. Panado. Pemphero. Tambala.

M'mawa ndinalipira mipando iwiri
kuti wina asamupanikize ndi thumba la makala.
Adalaivala, pa mahampu pang'onopang'ono chonde.
Kondakitala anaseka: mwanyamula galasi kodi?
Ndinati eya.

Ku Gulupu mzere unayambira pakhonde.
Ya mano kuseri uko, anatero mlonda,
ndipo tinakhala pabenchi mpaka mthunzi unatithawa.

Dokotala, mayi Chipojola, anali atagwira kale chozulira.
Anatsegula buku lathu lachipatala, lakuda ndi thukuta langa,
nawerenga tsamba ndi tsamba, mpaka pa dilipi ya mafupa ija.
Anachibweza m'mbale. Chinalira: ngwe.
“Apa sitikoka,” anatero. “Nsagwada nayo ndi fupa.”
Anamugoneka ngati akuyala nsalu yobwereka,
chala chimodzi chokha pachibwano.

Ali chotero, osandiyang'ana n'komwe, anati:
“Mayi, uku si kusasamala. Si shuga.
Ulusi umene unaperewera m'fupa
unapereweranso m'dzino.”

Zaka zonsezi ndinauma m'maso pomanga zikhakha.
Apa ndiye ndinatuluka panja
kukalirira khoma.

Tinapita kanayi.
Kanayi nzimbe zanga zinafota ndi mnyamata wa oyandikana nawo.
Anatsuka muzu, nautseka,
kenako anaveka mano awiri a kumbuyo tizipewa tachitsulo
kuti asathe msanga.
Akutsogolo tidikire, akuti, akule kaye.
Atipatsa tsiku lina m'mwezi wa Okutobala,
mswachi wofewa ngati ubweya wa mwanapiye,
ndi lamulo: chimanga chokazinga ayi, nzimbe ayi.
Ndinaseka. Anandifunsa chimene ndikuseka.

Pobwerera, pa Ginnery Corner,
Sigele anayasamula pa windo la minibasi
kudziyang'anira chuma chake.
Anakhala chete mpaka pa Kameza raundabauti
ndisanazindikire kuti tapitirira siteji.

“Amayi,” anatero, dzanja lili pakamwa,
“paja khwangwala amakonda zonyezimira.
Akabwera mumuuze kuti awa si ake.
Awa anatipatsa ndi adokotala.”

Madzulo ano watafuna nthochi mbali zonse ziwiri.
Ine ndili pakhomo ndi mpeni wanga wosendera,
maso padenga.