Msoko wa pa Tanga

Ndinkayesa tchuthi chino ubwera.
Chipinda chako ndinapakitsa laimu,
amayi ako anakasankha makatani ku Tsoka,
kenaka Lachiwiri foni inanjenjemera m'thumba
ndili pakhonde la golosale kuno ku Kawale
ndikufupikitsa thalauzi la munthu wangongole:
Ababa, ndakwera chombo.

Chombo chanji, iwe Tinenenji?
Chithunzi chinatseguka mwaulesi, bandulo ili kumapeto.
Kunayamba thambo, lotuwa ngati phulusa la mbaula,
kenaka milongoti itatu yoposa bulugama,
kenaka nsalu. Mayo ine, nsalu!
Ndinawerenga matanga khumi ndi anayi
mutu wa utelala n'kuyamba wokha kuyeza:
mayunifolomu a sukulu yathunthu atuluka apa,
zotsala n'kusokera tenti ya ukwati.

Ukuti walipira wekha,
ndalama zochezera usiku ndi odwala a eni,
kuti azikudzutsa mbandakucha ukakoke zingwe,
ukolope matabwa, usanze m'ndowa.
Ndinawauza a Chimbalanga osoka nsapato pambali pangapa.
Anaseka mpaka msomali unagwa mkamwa:
ganyu yolipira woigwira munaiona kuti?
Ndinaseka nawo. Madzulo ndinatseka chipinda chija
kuti fumbi lisadetse laimu.

Masiku anayi, zii.

Lachisanu kunabwera mawu ako, theka lake mphepo yokhayokha.
Ukuti zilumba za kumpotoko zilibe mtengo ndi umodzi womwe,
nkhosa zachuluka kuposa anthu,
mbalame zimagona mothithikana pa thanthwe
ngati okwera minibasi ya ku Area 25 madzulo.
Ukuti munapeza katchalitchi kosatseka, kopanda munthu,
unaimba wekha ndime imodzi m'Chichewa
makoma n'kukuyankha.
Ukuti dzuwa kumeneko limakana kulowa,
leveni koloko usiku ukuwerenga popanda nyali.
Ife kuno magetsi anathima faifi.
Ndinamvera uthengawo katatu mumdima
mpaka batire linati basi.

Ine nyanja yamchere sindinaionepo.
Madzi anga ndi a pansi pa mlatho wa matabwa,
onyamula majumbo ndi makoko a chimanga.
Ndiye usiku ndinkayesa kukuyerekeza:
ndikakuika pa mlongoti umagwa,
ndikakuika m'kati umazizidwa,
ndipo nangumi amene unati anapuma pafupi nanu
kwa ine ankangooneka ngati basi yomira.

Kenaka chithunzi china, cha manja okhaokha.
Zala zofiira ndi chisanu, singano yonenepa ngati sipoko,
tanga long'ambika lili pamaondo.
Ukuti namondwe anang'amba usiku,
anafunsa ngati alipo wodziwa kusoka
ndipo dzanja lako linadzuka lisanakufunse.
Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri.
Msoko uja ndinauzindikira:
wobwerera m'mbuyo, wothina,
mfundo yobisa kunsi.
Ndi wanga.
Sindinakuphunzitse. Ndinkakuthamangitsa pakhonde pano,
singano si yako, pita ukawerenge.
Kani unkaba ndi maso.

Pa mzere wachitatu wapindika pang'ono.
Sindikuuza.

Lero amayi ako achapa nsalu zofunda za chipinda chija,
akuti zingagwire fungo la sutikesi.
Mwera wa Julaye wazilowa pa chingwe,
zatupa, zikukoka mtengo wa mapeyala ngati uzuka.
Ndinagwira ngodya imodzi kuti isakhudze dothi
ndipo inandikoka, mwana wanga, inandikokadi,
ndinamva mphamvu yake mpaka m'phewa.
Ndinaima choncho kanthawi, bambo wa imvi,
nkhope kumpoto, cha ku Kanengo,
osaisiya.

Mwini thalauzi uja anandipeza pomwepo.
Akuti alipira mwezi ukatha.