Pansi pa Landirova ya a Mulepa

Loweruka pa Chitakale, chiperoni chikunyowetsa malata.
Ine ndagona chagada pa katoni
pansi pa Landirova ya a Mulepa,
sipanala kukamwa, tochi pachifuwa.
Anthu ndikuwaona kuyambira m'maondo kutsika.

Magambutsi obiriwirawo ndi a Mulepa eni ake.
Nsapato zowala, zoopa matope, ndi a Khoromana.
Masandasi odzala dothi lofiira la ku Thekerani
ndi mayi Nakhumwa, dokotala wa ziweto,
amene amayendetsa Hailakisi yawo ngati akukangana nayo.

"Yangayi simwa mafuta," akutero magambutsi,
"imangonunkhiza."
Ndikuseka mwakachetechete, dzimbiri likundigwera m'maso,
poti thanki yake ndinaimata ndine ndi sopo
Lachiwiri lapitali, kuseri kwa msika wa Limbuli.

"Masipuling'i ku Limbe ananditchulira mtengo wa ng'ombe,"
zikudandaula nsapato zowala.
"Ndinathawira ku Ndirande, ndinapeza otsika,
koma anathyokera pa Luchenza
ndisanafike n'kunyumba komwe."

Masandasi akupsinja chitsa cha ndudu ya wina.
"Inu mumagula katatu poopa kugula kamodzi.
Ine matayala ndimasintha onse anayi tsiku limodzi,
kenaka mwezi wonse ndiwo ndi chigwada
chopanda tomato, ndipo sindidandaula."

Nkhani yalowa ku dizilo wa m'zigubu,
wodutsa pa Muloza usiku, wobatizidwa ndi madzi.
Yalowa ku batire lomwe limafa kukazizira,
ku oilo wakuda ngati mulandu,
ku inshuwalansi yomwe imatha tsiku lomwe apolisi aima pa Nkando.
"Mayi akunyumba amadziwa kuti kilachi ndinagula theka la mtengo wake,"
akunong'ona a Khoromana. "Mukakumana nawo ku tchalitchi, chonde."
Onse akuseka. Mvula yawonjeza.

Kenaka magambutsi aima pamodzi ngati pa maliro.
"Ine ndikuigulitsa."
Palibe woyankha.
Nane ndasiya kumanga nati.
Mawu amenewa ndimawamva Januwale aliyense
kalata ya fizi ikafika kuchokera ku Zomba,
komabe nthawi zonse amandiwawa ngati ndi oyamba.

Mayi Nakhumwa akukhosomola.
"Paja mwamva kuti Lichenya wadzaza?
Kanjira kakuseri kwa minda ya tiyi kaja
akuti ngakhale thirakitala ya esiteti yabwerera."
Chete wina, koma uyu ndi wosiyana.
Ndikuona chidendene cha gambutsi chikuyamba kugunda pansi.
"Thirakitala yake iti? Woyendetsa wake ndani?
Ine pamenepo ndinadutsa madzi ali m'mipando,
mbuzi ziwiri kumbuyo, giya yotsika, osapuma!"
"Munakokedwa ndi ine."
"Munandikoka pang'ono chabe."

Mutu wa a Mulepa ukusuzumira pansi pano, mozondoka,
ndevu zili ndi timadontho ta mvula.
"Iwe Yotamu, pofika mawa itheka?"
Dontho la oilo landigwera pamphumi.
Ndikuwerengera mumtima: chitsulo chomwe chatha apachi
mtengo wake ndi malipiro anga a miyezi itatu,
osadya, osalipira lendi.
"Itheka, bwana. Koma difu ikulira."
"Ilekeni ilire. Nanenso ndikulira."

Madzulo onse apita, utsi wawo watsala m'mitengo.
Phiri latuluka pang'ono m'mitambo, labwereranso.
Ndikusamba m'manja ndi mchenga ndi palafini,
ndikuwaseka anthu akuluakulu
odyetsa zitsulo, ana akudikira nsapato.

Ndikafika kunyumba sindiuza munthu,
koma kunsi kwa bedi langa kuli chiwongolero
chomwe ndinagula kwa ogula zitsulo zakutha ku Bangwe.
Chili ndi mng'alu, hutala yake silira.
Zotsalazo ndizipeza pang'onopang'ono.