Jezi ya pa Kaunjika

Ndinaipeza pansi pa mulu wa kaunjika
mumsika wa Mangochi, Lachitatu,
pakati pa makatani ndi masokosi opanda anzawo:
jezi yofiira, nambala 14,
kumsana zilembo zonga mapazi a nkhuku pamatope.

Mayi Asiyatu anati, "Ya ku Taiwani imeneyo,
ya katswiri wa basiketi. Usanenerere."

M'khwapa mwake mudakali chikasu cha thukuta
limene sopo wa mayiko awiri walilephera.
Paphewa pali msoko wa pamanja.
Wina anakukoka uli m'malere,
ndipo iwe, usiku m'chipinda cha hotela,
unasoka ndi ulusi wosiyana mtundu.

Unasewera zaka zingati, mnzanga wosadziwika?
Linakutsitsa ndi bondo,
kapena kamnyamata kotalika kukuposa?

Ine ndimaivala Loweruka
pabwalo la simenti yong'aluka kuseri kwa sekondale,
pomwe mkombero unapindika ngati khutu la mbuzi.
Imandifika m'mawondo. Akabaza amaseka.
Koma dzulo, Twaibu atanditchinga,
ndinaponyera patali.
Mpira unazungulira kawiri pachitsulo,
ngati ukuganiza,
n'kulowa.

Sindinakuwe.
Ndinangogwira msoko uja.