Phungu Wakuseri kwa Kabati

Anandituma kukapaka laimu m'nyumba ya esiteti ku Namwera,
nyumba yoti mileme inalanda kalekale.
Kuseri kwa kabati ndinapeza mzungu
atatsamira khoma, galasi litasweka chapakhosi.
Tsitsi lake lochita kuvala, loyera ngati thonje,
dzanja lina pamutu pa galu, lina pa mapepala.

Asiyatu, mwana wanga wa folomu fili,
anawerenga zakumbuyo akulondola ndi chala.
Dzina lake Hadiwiki, wobadwa 1721 kwawo kozizira.
Bambo ake anamusiyira minda, nkhalango
ndi mpando wa ku nyumba ya malamulo,
monga muja timasiyirana njinga.
Omuvotera analipo khumi ndi anayi,
onse okhala pamalo ake,
ndipo tsiku la chisankho ankamwa mowa wake womwe.

Zaka makumi atatu ali phungu,
pakamwa anatsekula kawiri.
Koyamba anapempha kuti wina atseke windo, kunkalowa mphepo.
Kachiwiri anapempha lamulo lomanga mpanda
kuzungulira dambo limene amphawi ankadyetsamo atsekwe.
Lamulo linadutsa.
Za atsekwewo pepala silinena,
za eni ake ndiye kaya.

Ndinaseka mpaka bulashi inagwera m'ndowa.
Kenaka ndinakhala chete.
Agogo a mayi anga anasamutsidwa pompano
fodya atafuna malo,
anasiya miyango yawo ili ndi maluwa.
Mwina chidzukulu cha bamboyu ndicho chinabwera nacho chithunzichi,
atachisenza amtengatenga kukwera phiri lonseli,
thukuta likudonthera pa nkhope yosadziwa dzuwa.

Asiyatu anati, ababa, nanga wathuyu wayankhula kangati?
Ndinati usandifunse ine,
ndinamuona komaliza chaka cha zitenje zija.

Kapitawo Che Saizi anati katayeni, n'zinyalala.
Sindinataye.
Felemu ndinakolezera moto,
galasi ndinadula, lili pa windo la kuchipinda.
Mwini wakeyo, poti nsalu yake n'njolimba,
ndamukhomera pabowo la khola la abakha
kumene mwera umalowera mwezi wa Juni.

Misomali inayi, umodzi unaboola galu.

M'mawa ndikamatsekula khola amandiyang'ana,
chibwano m'mwamba, matope pa kolala.
Abakha amadutsa pansi pake osapereka moni,
wina anayesako kujompha batani la jekete.
Windo lija walitseka yekha tsopano,
ndipo mpaka lero sanadandaulepo.