Raketi ya Pamwamba pa Wadirobu

Zaka khumi, zisanu ndi zinayi
yagona pamwamba pa wadirobu,
yopsinjidwa ndi sutukesi ya zovala za ana amene anakula kale.
Nthawi yonseyo yagwirako ntchito ziwiri zokha:
kupuntha fumbi pa matiresi,
ndi kuthamangitsa mleme umene unalowa kuchipinda magetsi atazima.

Palibe anandiletsa.
Sindinathyoke bondo, sindinayambane ndi munthu.
Ndinangoti Loweruka likubwerali,
ndipo Loweruka linabala Loweruka linzake:
mimba ya Tiyanjane, ngongole ya nyumba ku Chilenje,
maliro a bambo ku Petauke, mimba ina,
mpaka dokotala wina, mnyamata woti n'kumubala ine,
anayang'ana manambala a magazi anga
n'kuimba kamluzu.

A Sikazwe a ku Kamwala, olumikiza zingwe,
anaitembenuza uku ndi uku ngati nsomba yokayikitsa.
"Mayi, zoterezi anasiya kupanga."
"Nanenso," ndinatero. "Ingomangani."

Loweruka m'mawa jakaranda anali atathira maluwa bwalo lonse.
Mlonda anasesa mizere yokha.
Ukonde unali wolendewera pakati
ngati chingwe choyanikapo mabulangete onyowa.
Anzanga akale kunalibe.
Wina ali ku Kitwe, wina anatsogola,
wina akuti masiku ano ndi za tchalitchi basi.
Anandipatsa Luyando, wa zaka khumi ndi ziwiri,
miyendo ngati bango, chingamu m'kamwa.
"Anti, yambani ndinu."

Ndinaponya mpira m'mwamba,
dzuwa la Okutobala linaumeza,
ine n'kumenya mphepo.
Phewa linalira ngati geti ladzimbiri.
Wachiwiri unawuluka kudumpha waya
kukagwera komwe munthu ankatsuka galimoto.

Mutu ukudziwa kumene mpira ukupita,
koma uthenga ukafika ku miyendo
umafika ngati kalata ya pa positi,
nkhani itatha, anthu atabalalika.
Chifuwa chikutokota ngati minibasi ya ku Matero
imene kondakitala wanenetsa kuti malo alipo.
"Makumi anayi kwa ziro,"
akutero mwanayo, motsitsa mawu,
ngati akupepesa maliro.

Ndiye unabwera wina, chakumanzere, wotsika.
Sindinaganize kanthu.
Dzanja linabwerera m'mbuyo lokha osandifunsa,
bondo linapinda,
phaa!
pakatikati penipeni pa zingwe,
pamene mpira sulemera n'komwe.
Unatsata mzere ngati wautuma
n'kukadzutsa kafumbi koyera pangodya.

Ndinamuzindikira mwini wake wa dzanja limenelo:
mtsikana uja wa siketi yobwereka
amene ankachoka ku Kabwata wapansi,
ndalama ya basi atabisa m'sokosi
kuti pobwerera agule ayisikirimu.
Kani sanasamuke.
Wakhala ali phee m'chigongono changa zaka zonsezi,
walendi wosalipira, wosatulukanso.

Luyando anasiya kutafuna.
"Anti, bwerezaninso."
Sindinabwereze.
Ndinamusaka mtsikanayo ola lathunthu,
iye atadzitsekera.
Zisanu n'chimodzi kwa chimodzi,
ndipo chimodzicho, ndikukayika,
mwina mwanayo anangondichitira ulemu.

Madzulo, mapazi m'beseni la madzi amchere,
thuza laphulika pansi pa mphete.
Bambo a Tiyanjane akufunsa ali maso pa nyuzi,
"Wawina ndani?"
"Mwana."
"Nanga mukusekerera chiyani?"

Raketi yatsamira khoma kuseri kwa chitseko.
Ndikanaibwezera kumwamba kuja,
koma mkono sukukwera kupitirira phewa,
mpando wokwererapo uli kukhitchini,
kukhitchini n'kutali.

Foni yalira. Nambala yachilendo, mayi ake a Luyando:
akuti Loweruka, seveni koloko.
Akuti mubwere ndi madzi ambiri,
ndipo nsapato zija musavalenso.